Mpando wa Chidole

Kumudzi, kuseri kwa Chitakale
2 Seputembala 2024

Okondedwa a Hopewell, nkhoswe mnzanga,

Landirani moni wa kuno ku Mulanje. Ife tili moyo, kungoti mawondo anga ayamba kudana ndi zitunda. Kaya inu ku Blantyre, kumene mumadya mutavala tayi. Ndine Alifeyo, malume wake wa Lily, mkazi wa mng'ono wanu Morris. Ndadzitchula dala, chifukwa chidyereni nkhuku ya chinkhoswe zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo simunapondekonso kuno, mwina mwatiiwala.

Kalatayi ndapatsira a Golden, dalaivala wa minibasi ya ku Limbe. Musandiimbire foni. Nkhani ya banja siyenda m'mphepo. Ndikufuna yankho loti ndiligwire m'manja, ndiliwerenge pamaso pa mbumba yanga.

Nkhani ndi iyi. Inu a ku Chiradzulu munatipatsa mphunzitsi. Ife tinalandira mphunzitsi, tinamuonetsa malo omanga nyumba ndi munda. Lero mphunzitsi uja tilibe. Mwezi wa Epulo mng'ono wanuyo anasiya ntchito ya boma, ya penshoni, ati akuphunzira kulemba mapulogalamu a pa kompyuta. Nditamufunsa kuti sukulu yake ili kuti, anandilozera tebulo. Nditamufunsa kuti bwana wake ndani, anati adzapezeka. Ine ndagwira ukapitawo ku esiteti ya tiyi zaka makumi atatu, koma sindinaonepo ntchito imene munthu amayamba kuigwira bwana akubwera m'mbuyo.

Tsopano Lily ndiye amalawirira kumalire ku Muloza kukaoda makapulana, zitenje za kutsidya, odzagulitsa pa Chitakale. Mwamuna amatsala pakhomo atabereka khanda, Zikomo, ndi kapulana wa mkazi wake, n'kumajompha tizilembo ndi zala ngati nkhuku pa mphale. Anzake onse asosa minda. Wake udzu ukhoza kubisa mbuzi ndi ana ake omwe.

Koma chimene chandilembetsa si ulesi ayi, alesi tili nawo kale athuathu. Amayi a pakhomo pano amuona, inenso ndasuzumira pazenera ndamuona ndi maso angawa. Amatenga chidole cha mwana wake Marcia, chija cha tsitsi la ulusi, n'kuchikhazika pampando moyang'anizana naye, n'kumachiyankhula m'Chizungu. Amachifunsa mafunso. Pakapita kanthawi amawomba m'manja, kuchithokoza, n'kulemba msangamsanga. Chidolecho chinagulidwa kutsidya kwa malire, ku Milange, kumene mankhwala sasowa.

Inu ndinu ophunzira, tiuzeni chimenechi n'chiyani. Mkamwini akamachoka amanyamula bulangete lake, ana amatsala kwa eni mbumba. Lamulo limeneli simukuliphunzira kwa ine. Mvula isanagwe, nkhaniyi ikhale itatha.

Ndine,
Alifeyo


Chilomoni, Blantyre
6 Seputembala 2024

Iwe Morris,

Moni wa m'tauni, kumene makompyuta amagwiridwa ndi anthu olembedwa ntchito. Uli bwanji, bwana injiniya? Nanga alamu ndi ana?

Ndalandira kalata ya apongozi ako a Alifeyo. Ndaiwerenga katatu mu ofesi, anzanga mpaka kupukuta misozi. Ati wapeza mkazi wachiwiri wa tsitsi la ulusi. Ukanandiuza msanga ndikanabwera kudzaima pa unkhoswe, poti ntchito yake ndinaizolowera.

Mphwanga, uli ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, dazi layamba kale kukufunsira malo. Ana otuluka m'makoleji ndi madigiri a kompyuta ali mbwee kuno, ena akugulitsa matchaja pa Limbe. Iwe wa choko ndi rejisitala ya Sitandade 6 ndiye ukawapitirire? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kagwadire a hedi, mwina desiki yako sanaikepo munthu.

Koma usanapite kukagwada, ndiuze za chidolecho ndikhale ndi choyankha. Foni yako ndikaimba imangolira osayankhidwa, ndiye landira kalata ngati tili m'nthawi ya agogo.

Mkulu wako amene anasankha bwino,
Hopewell


Kumudzi
12 Seputembala 2024

Achimwene,

Moni ndi chipongwe zonse zafika bwino, a Golden sanagwetse chilichonse m'njira. Ife tilipo. Marcia wayamba mkombaphala, Zikomo akumera mano.

Foni sindiyankha chifukwa imakhala mumtengo wa mapeyala. Ndi pokhapo pamene netiweki imagwira, ndiye ndimaipachika m'jumbo kuti izipereka intaneti ku laputopu kudzera pazenera. Ikalira ine ndili ndi mwana kumsana, mumtengo sindikwera.

Poti mukuganiza kuti ndimangokhala, imvani tsiku langa. Lily akanyamuka, ndimaphika phala, kusambitsa ana, kuperekeza Marcia. Zikomo amagona pokhapokha ali kumsana ine ndikugwedezeka, ndiye ndaphunzira kulemba khodi, mizere ya malamulo a pulogalamu, choimirira, laputopu ili pa ndowa yovundikira pamwamba pa tebulo. Batire imandipirira maola atatu. Magetsi akathima ndimapalasa njinga mpaka pa Chitakale kukatchaja kwa wometa tsitsi wa sola, amene amandilandira ndi mawu akuti a Purofesa abwera ndi wodwala wawo. Sabata yatha Zikomo anatambasula dzanja paphewa panga, kugunda mabatani, ntchito ya masiku awiri n'kufafanizika. Analira ndine, iye anaseka.

Kwa a hedi sindibwerera. Zaka khumi ndi zinayi ndaima kutsogolo kwa ana zana limodzi ndi makumi atatu m'kalasi imodzi. Ndinkafika kunyumba mawu atauma, mwana wanga akandifunsa kanthu ndinkangoyankha ndi mutu.

Za chidole zili chonchi. Pulogalamu ikakana kuyenda, anthu a ntchitoyi amatenga chinthu chilichonse chosayankha n'kuchifotokozera zimene alemba, mzere ndi mzere, mokweza. Pofotokozapo umadzimva wekha pamene wanama. Anzathu akunja amakhazika kabakha ka pulasitiki. Ine kabakha ndilibe, ndiye Marcia amandibwereketsa chidole m'mawa, akaweruka n'kudzatenga, ndipo amachifunsa ngati ndinachizunza. Sichiyankha, sichinyoza. Pamenepo chikukuposani kawiri.

Kampani ina yaing'ono ya kwanuko yandipatsa mayeso. Ndilembe pulogalamu yotumiza uthenga pa foni za alimi ang'onoang'ono a tiyi, kuwakumbutsa tsiku lothyola munda uliwonse. Ndiyenera kuitumiza pofika pa 25 Okutobala. Akakhutira andiyesa ntchito.

Pempho langa n'limodzi. A Alifeyo amaopa digiri yanu. Ine ndikafotokoza amati wakuba sasowa chonena. Alembereni mawu ochepa osavuta. Chonde, achimwene, musaikemo nthabwala. Kuno kalata amaiwerenga mokweza, nkhope ili gwa, ngati buku la Levitiko. Kuchoka pamudzi pano sindiopa. Chimene ndikuopa n'kumadzaona Marcia ndi Zikomo ngati mlendo wa Loweruka, wogogoda pakhomo la nyumba imene ndinaumba ndekha njerwa zake.

Mng'ono wanu,
Morris


Chilomoni, Blantyre
24 Seputembala 2024

Olemekezeka Bambo Alifeyo,

Moni kwa inu ndi mbumba yonse, osaiwala gulu lanu la apazenera, limene likugwira ntchito yotamandika. Pepani ndachedwa kuyankha, kuno timatanganidwa ndi tinthu tating'ono tosafika pa nkhani ya zidole.

Mwafunsa kuti chidolecho n'chiyani. Bambo, mwaigwira nkhani pakhosi. Mng'ono wanga wandiuza yekha kuti akasowa yankho amalipeza poyankhula nacho, ndipo popanda icho sangalembe kanthu. Musadabwe. Onse a makompyuta ali nacho chawochawo, ena chidole, ena kabakha, ndipo ndikuganiza kuti olemera kwambiri aja ali ndi zazikulu ngati mwana wa ng'ombe. Cha Morris poti n'cha ku Milange chimamva Chipwitikizi, iye akuchiyankhula Chizungu, n'chifukwa chake chuma chikuchedwa. Mukamadutsa muzichipatsa moni, chingakwiye.

Ndikhulupirira kuti munthu wanzeru ngati inu, amene munalamulira anthu mazana m'minda ya tiyi, mwamva chimene ndikutanthauza.

Wanu mu unkhoswe,
Hopewell


Kumudzi
30 Seputembala 2024

A Hopewell,

Moni. Tamva ndithu.

Ndikukuthokozani chifukwa simunabise, ngakhale ndi m'bale wanu. Kalata yanu ndinaiwerenga dzulo titaweruka kutchalitchi, mbumba yonse ilipo. Amayi a pakhomo pano sanadikire. Chidole chija anachitenga ndi mphanda, osachikhudza, n'kukachiwotcha kudzala akuimba nyimbo. Laputopu ndi foni ya mumtengo zili m'thiranki mwanga, kiyi ali m'khosi mwanga.

Loweruka pa 19 Okutobala tikhala pansi. Mubwere mudzatenge munthu wanu.

Alifeyo


Chilomoni, Blantyre
14 Okutobala 2024

Bambo Alifeyo,

Moni. Kalata yanu ndangoipeza lero, ndinali ku msonkhano ku Lilongwe sabata ziwiri. Ndaimba foni ya Morris, yazima. Ya alamu anga Lily nambala ndilibe.

Bambo, zija zinali nthabwala. Zonse, kuyambira moni. Chidole chija n'chidole basi, cha nsanza ndi ulusi. Morris amachiyankhula kuti adzimve yekha pamene walakwitsa, monga mmene munthu amawerengera mokweza. Palibe za mankhwala, palibe za ku Milange. Mubwezereni laputopu lero lomwe, ali ndi mayeso a ntchito pa 25.

Loweruka sinditha kubwera, ku ofesi kukubwera alendo. Kalatayi iime m'malo mwanga. Ndauza a Golden kuti akupatseni m'manja mawa.

Hopewell


Pa Chitakale
21 Okutobala 2024

Alamu,

Moni. Ndikulemba ndili pa benchi yanga ya makapulana, mukaona madontho ndi fumbi ndi thukuta, si misozi. Misozi sindingakutayireni inu. Ndine Lily, mkazi wa mng'ono wanu, ngati mukukumbuka kuti muli naye.

Loweruka tinakuikirani mpando pansi pa mtengo wa mango. Mpando unafika, inu ayi. Ngakhale kalata. Ndiye mverani zimene nthabwala zanu zinabala, mukasekenso ndi anzanu a mu ofesi.

Sabata zitatu Morris analibe laputopu. Anatenga khasu n'kukapanga mizere munda wonse, Zikomo ali kumsana, poti ine katundu sindingamusiye. Manja a choko aja anatuluka matuza mpaka magazi. Popuma ankakhala pa chulu n'kumalemba khodi yake m'kope la ana asukulu ndi pensulo. Amayi anga aang'ono ataona zimenezo anati taonani, chidole chapsa koma akumvabe mawu ake. Marcia masiku atatu oyamba anakana kudya.

Pa bwalopo amalume anawerenganso kalata yanu, pang'onopang'ono, mawu aja akuti popanda icho sangalembe kanthu anawabwereza kawiri. Anati umboni wachokera kwa nkhoswe wake yemwe, munthu wa digiri, tifunanso chiyani. Atamuuza Morris kuti ayankhe, munthu amene anakhala akukuwa m'kalasi zaka khumi ndi zinayi anangoyang'ana ana ake. Bulangete lake amayi ena anali atalitulutsa kale pakhonde.

Pamenepo ndinagwada, ndinapempha mawu. Ndinafunsa ngati pa anthu onse apazenera aja alipo mmodzi amene anamva zimene Morris ankachiuza chidolecho. Panalibe, poti Chizungu chawo chimathera pa gudumoni.

Ndiye ndinati: “Amalume, chidole mwawotcha, mpando wake ulipo. Khalanipo inu, akufotokozereni m'Chichewa zimene ankachiuza. Mukamvamo za ufiti, bulangete ndimupindira ndekha.”

Anafuna kukana, koma amayi onse anali kuwayang'ana, ndipo kukana kukanaoneka ngati kapitawo wamkulu akuopa mpando. Anavula kiyi m'khosi. Tebulo linatulutsidwa panja, laputopu inayaka, iwo n'kukhala pampando wa chidole Baibulo lili pamaondo.

Morris anayamba. Apa pulogalamu ikutenga dzina la mlimi, apa munda wake, apa ikuwerenga masiku chithyolereni. Mawu ake anayamba kubwerera. Atafika pakati anaima, kuyang'anitsitsa, kuwomba m'manja, n'kunena kuti zikomo kwambiri. Ati wapeza pamene panamuvuta mwezi wonse, ankayamba kuwerenga masiku pa tsiku lolakwika.

Amalume anadzidzimuka. “Ukuthokoza ndani? Ine sindinanene kanthu.”

“Nachonso chidole sichinkanena kanthu, bambo.”

Amayi aja anayamba kuseka chobisa m'zitenje. Inu amalume anga simukuwadziwa. Akhoza kupirira njala, koma osati kulinganizidwa ndi chidole pamaso pa alongo awo. Anaika Baibulo pansi, kukokera mpando pafupi, n'kumuuza kuti apitirize, ndipo ayankhule ngati mwamuna. Morris anati tsono pulogalamuyi masiku khumi akakwana imatumiza uthenga kwa mlimi kuti akathyole.

“Munda uliwonse?”

“Uliwonse, bambo.”

“Ngakhale wodulira?”

Mng'ono wanu anafunsa kuti kudulira kukukhudzana bwanji ndi nkhaniyi. Alamu, ndinamva manyazi ine. Amalume anaimirira, mawondo aja kuiwala kuti amapweteka. Anati zaka zisanu ndi ziwiri munthu akukhala pakati pa tiyi, akudya za tiyi, osadziwa kuti munda wodulira mu Julaye suthyoledwa mpaka utaphuka ndi kuulinganiza pamwamba. Anamufunsa ngati akufuna kutuma amayi ndi madengu kuti akathyole zitsa. Anati masiku khumiwo anawatola kuti, poti mvula ikalimba tiyi sadikira masiku khumi, ndipo m'nyengo yozizira ukapita pa masiku khumi ukapeza masamba akukuyang'ana. Anamutcha mbuli ya ku Chiradzulu, mphunzitsi wa mbuzi, ndi mayina ena oti sindingalembe. Morris ankangoti inde bambo, pensulo ikuthamanga m'kope.

Dzuwa linapendeka akunyozabe. Anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi kukaona za kumadzi, bulangete ndinalilowetsa ndekha popanda wondifunsa. Batire itatha amalume anati mlandu sunathe, auimika kaye, chifukwa sangalole kuti chinthu chabodza chonchi chichoke m'mudzi mwawo n'kukafika ku Blantyre. Laputopu amubwezera mpaka pa 25. Dzulo ndi lero alawirira okha pampando paja.

Ndiye sindikudziwa ngati ndili ndi mwamuna kapena ayi. Zidziwika mayeso akatha.

Marcia amandifunsa tsiku lililonse kuti chidole chake chinalakwa chiyani. Ndamuuza kuti funso limenelo adzawafunse bambo ake aakulu ophunzira a ku Blantyre.

Mlamu wanu,
Lily


Kumudzi
18 Novembala 2024

A Hopewell,

Moni. Kuno mvula yagwa, tadzala. Kaya kwanuko mumadzala chiyani.

Dzulo a Golden andipatsa kalata yanu ya pa 14 Okutobala, ikununkha dizilo. Minibasi yawo inafera pa Nkando, inakhala kwa makaniko mwezi wathunthu, kalata ili m'kabokosi ka kutsogolo. Ndaiwerenga. Ati munali kuseka. Ndaiwerenganso ija yoyamba kufunafuna pamene panali poseketsa, sindinapapeze. Mwina pamafunika digiri.

Ine ndinakufunsani ngati nkhoswe, mng'ono wanu anakupemphani ngati m'bale, inu munayankha ngati woledzera pa ukwati. Tagwirizana ndi Morris kuti kuyambira lero nkhoswe wa kuchimuna akhale msuweni wanu Lenard, wogulitsa nanazi uja. Sukulu anasiyira Fomu 1, koma akalemba inde amatanthauza inde.

Kampani ija yamutenga mng'ono wanu kuti imuyese miyezi itatu. Iye akuvina. Ine ndamuuza kuti ku esiteti ntchito ya miyezi itatu tinkaitcha ganyu wa dzinja. Ati a kampaniwo chimene chawakondweretsa n'chakuti pulogalamu yake yokha ndiyo ikudziwa za kudulira. Sindinadabwe. Anyamata a m'tauni tiyi amamudziwira m'kapu.

Mlandu uja ndautseka. Morris sachoka. Musaganize kuti ndakondwa naye, mizere yake ndi yokhotakhota ngati njira ya woledzera, ndipo mpaka lero sasiyanitsa tiyi wa mbewu ndi wa nthambi zodzala ku nazale. Koma munthu wotere ndikamuthamangitsa akakhala kwina popanda womudzudzula, n'kunamiza alimi a boma lonse la Mulanje. Bola akhale pano pamene ndikumuona. Ana akhale ndi bambo wawo, ngakhale ali wotero. M'mawa uliwonse ndimakhala pampando paja maola awiri, iye akufotokoza, ine ndikumuuza pamene wapusa. Masana amagwira khasu. Khanda lija poti limalira likakhala kumsana kwa munthu wotsutsidwa, amalikhazika pamaondo panga, ndipo landithera mabatani a malaya.

Chatsala n'chimodzi. Marcia sandipatsa moni chiwotchereni chidole chake. Ine ndinawotchetsa, koma machesi munatumiza ndinu. Mugule china, cha tsitsi la ulusi, osati zapulasitiki zanu zotsinzina, ndipo mubwere nacho nokha, musapatsire a Golden. Mudzamufotokozere mwanayo nthabwala ija, mwina iye aseka.

Chidolecho mudzachiuziretu m'njira kuti chikubwera kudzasewera ndi mwana basi. Ntchito ija chisaiyembekezere. Anaipatsa oidziwa.

Ndine,
Alifeyo